Bakha wamkuwa ndi owomba nsalu a ku Lyon

M'chaka cha 1739, anthu a mumzinda wa Paris ankalipira ndalama kuti akaone bakha akuchita chimbudzi. Bakhayo anali wamkuwa wopakidwa golide, wamkulu ngati bakha weniweni, ataimikidwa pamwamba pa chibokosi chimene munali makina omuyendetsa. Ankatambasula khosi n'kutola chakudya m'dzanja la munthu, kumeza mwadyera, kumwa madzi, kuvundula madziwo ndi mlomo, kulira ndi kukupiza mapiko. Mwini wake ankati phiko limodzi lokha linali ndi tizitsulo toposa 400. Koma khamu silinkabwerera mapiko. Linkadikira kanthawi kaja kotsatira kudya, pamene bakhayo ankatulutsa zitosi zobiriwira pambale, anthu n'kufa nazo kuseka.

Amene anapanga bakhayu anali Jacques de Vaucanson, wobadwira ku Grenoble mu 1709, mwana wa munthu wosoka magolovesi. Iye ankauza anthu kuti m'mimba mwa bakha wakeyo anaikamo kamalo kosungunulira chakudya ndi mankhwala, ndipo zimene zikutuluka kumbuyo ndi zomwe zalowa kukamwa. Linali bodza. Chakudya chinkathera m'kachikho kobisika kunsi kwa mlomo, ndipo zitosizo zinkakonzedwa padera n'kuikidwiratu. Mlembi wina wa ku Germany, Friedrich Nicolai, anazindikira zimenezi mu 1783. M'zaka za m'ma 1840, katswiri wa masewera ozimbaitsa maso, Robert-Houdin, atapatsidwa kuti akonze bakha amene ankaonetsedwa ngati wa Vaucanson, ananena kuti anapezamo nyenyeswa za buledi zopakidwa utoto wobiriwira.

Nkhani ya bakhayu imandikoma, ndipo sindikana kuti ndi imene imakokera anthu ambiri ku mbiri ya makina amakedzanawa. Koma ndikayang'ana moyo wonse wa Vaucanson, bakha ndi chinthu chaching'ono kwambiri pa zimene anachita. Chimene anapanga chaka chimodzi m'mbuyo mwake chinali chovuta kuposa, ndipo chinalibe chinyengo.

Chinali chidole chachikulu ngati munthu, chitakhala pansi, chikuimba chitoliro. Mu 1738 anachionetsa kwa akatswiri a bungwe la sayansi la ku Paris, ndipo chinkaimba nyimbo 12. Nyimbozo sizinkachokera m'kabokosi kobisika, ayi. Chidolecho chinkauziradi mpweya m'chitoliro chenicheni, chamtundu wogwira chopingasa, chimene ngakhale munthu wamoyo amatenga masabata asanatulutsepo mawu omveka. Pansi pake panali mivukuto 9 yopereka mpweya wamphamvu zosiyanasiyana. Milomo inkatseguka, kutsekeka, kusendera kutsogolo ndi kubwerera. M'kamwa munali kalilime kachitsulo kodula mpweya. Zala zinkatseka mabowo a chitoliro, ndipo poona kuti mtengo wouma sutseka bowo bwino, nsonga za zalazo anazikuta ndi chikopa. Apa ndimaonapo mwana wa wosoka magolovesi uja. Kuti achite zonsezi anayenera kuyamba waphunzira mmene munthu amaimbira chitoliro, mlomo uli pati, mpweya wochuluka bwanji, pa liwu lililonse, ndipo zina mwa zimene anapeza oimba enieniwo sankazidziwa ngakhale ankazichita tsiku ndi tsiku. Polowera pankalipiridwa ma livre atatu, ndalama imene waganyu ankaivutikira pafupifupi sabata, koma anthu ankadzaza.

Mtima wa chidolechi unali mgolo wamatabwa wozungulira, wokhomedwa tizikhomo ndi timizere tachitsulo. Mgolo ukamazungulira, chikhomo chilichonse chinkanyamula kamtengo, kamtengoko n'kukoka waya, waya n'kukweza chala kapena kutsegula njira ya mpweya. Amene anaonapo kanjinga kamawaya kamene ana amakankha ndi bango, kamunthu kapamwamba kakupalasa miyendo chifukwa wilo likuzungulira, wamvetsa kale theka la nkhaniyi: kuzungulira kukusandutsidwa kukwera ndi kutsika. Theka linalo ndi lakuti zikhomo zija zikhoza kusunthidwa. Ukazisuntha, nyimbo yasintha, chidole chili chomwecho. Ntchito imene makina achite yalembedwa pamgolo, ndipo makinawo akungowerenga.

Nzeru imeneyi sinayambe ndi Vaucanson. Ku Alexandria, m'zaka 100 zoyambirira pambuyo pa kubadwa kwa Yesu, katswiri wa zamakina dzina lake Hero analemba za zitseko za kachisi zotseguka zokha moto ukayatsidwa paguwa. Mpweya wotentha unkakankhira madzi m'ndowa, ndowa ikalemera n'kukoka zingwe. Analembanso za chiwiya chotulutsa madzi opatulika munthu akaponyamo khobidi, ndi kangolo koyenda kokha, kokhota ndi kuima motsatira mmene chingwe chakulungidwira pamtengo wa mawilo ake. Ku Baghdad, cha m'ma 850, abale atatu otchedwa Banu Musa anafotokoza makina oimba chitoliro oyendetsedwa ndi madzi, okhala ndi mgolo wa zikhomo womwewu. Ndiye kunabwera al-Jazari, mmisiri wa mafumu a ku Diyarbakir, komwe lero ndi dziko la Turkey, amene mu 1206 anamaliza buku lofotokoza makina 50. Wotchi yake yotchuka inali njovu. M'mimba mwa njovuyo munali madzi, pamadzipo mbale yobowoka pansi imene inkamira pang'onopang'ono kwa theka la ola. Ikamira inkakoka chingwe, kampira kachitsulo n'kugwera m'kamwa mwa chinjoka, chinjokacho n'kuwerama ndi kulemerako, woyendetsa njovu n'kumenya, mbale ija n'kukokedwanso pamwamba kuti iyambirenso. Chimene ndimamukondera al-Jazari n'chakuti ankalemba ngati mmisiri wolangiza mnzake, miyeso ndi zonse, mwakuti anthu a masiku ano atsatira malangizo ake n'kumanga njovuyo. Imodzi yaikulu ili m'nyumba ya masitolo ya Ibn Battuta ku Dubai.

Zonsezi zinali za akachisi ndi nyumba za mafumu. Madzi ndi miyala yolendewera zinkafuna malo aakulu. Sipuling'i yopinda, ya m'mawotchi, itafika m'zaka za m'ma 1400, makina anayamba kuchepa mpaka kukwana patebulo. Ku Washington, m'nyumba yosungira zakale ya Smithsonian, kuli kachidole ka mmonke ka m'zaka za m'ma 1560, kotalika pafupifupi masentimita 40, kamene kamayenda, kudziguguda pachifuwa, kugwedeza milomo ndi kupsompsona mtanda. Ambiri amati anakapanga ndi Juanelo Turriano, wokonza mawotchi wa mafumu a ku Spain. Ndimadabwa kuti mwa ntchito zonse za munthu, imodzi mwa zoyambirira kupatsidwa kwa makina inali kupemphera.

Pachimake penipeni pa luso limeneli panafika anthu a m'mapiri a ku Switzerland. Pakati pa 1768 ndi 1774, ku La Chaux-de-Fonds, Pierre Jaquet-Droz, mwana wake Henri-Louis ndi mnzawo Jean-Frédéric Leschot anapanga zidole zitatu: mnyamata wolemba, mnyamata wojambula ndi mtsikana woimba limba. Wolembayo ali ndi tizitsulo pafupifupi 6,000, tonse m'thupi mwake, popanda chibokosi chapansi. Amaviika nthenga mu inki, kuigwedeza pang'ono kuti isadonthe, n'kuyamba kulemba, maso akutsatira dzanja. Kumsana kwake kuli mulu wa timbale tamkuwa tokhala ndi m'mphepete mokwera ndi motsika, ndipo chilembo chilichonse chimatuluka m'timbale titatu: kamodzi koyendetsa dzanja kumanja ndi kumanzere, kena m'mwamba ndi m'munsi, kachitatu kokanikiza nthenga papepala. Pansi pake pali wilo limene mumasanjapo zilembo mpaka 40, mawu alionse amene mwafuna. Mtsikana woimba uja amakanikizadi makiyi ndi zala zake, ndipo chifuwa chake chimakwera ndi kutsika ngati akupuma. Zitatu zonsezi zili ku Neuchâtel, ndipo zikugwirabe ntchito patapita zaka 250. Anazipangiranji? Kutsatsa malonda. Banja la Jaquet-Droz linkagulitsa mawotchi okwera mtengo, ndipo zidolezi zinkayenda m'nyumba za mafumu kuti dzina lidziwike.

Ku Japan nako, m'nyengo yomweyo, kunali zidole zotchedwa karakuri. Chodziwika kwambiri ndi kamwana konyamula tiyi: mukaika kapu pambale yake kamayenda kupita kwa mlendo, mlendo akanyamula kapu kamaima, akabwezera kamatembenuka n'kubwerera. Sipuling'i yake inali yopangidwa ndi zosefera za m'kamwa mwa namgumi. Mmodzi mwa amisiri a zidole zimenezi, Tanaka Hisashige, atakalamba anatsegula kampani ya zamakina ku Tokyo mu 1875, imene pambuyo pake inadzakhala gawo la Toshiba.

Tibwerere kwa Vaucanson, chifukwa pano m'pamene nkhani ikusiya kukhala yosangalatsa ana. Boma la France linaona kuti munthu wotha kupanga zala zoimba chitoliro asamangothera pa abakha. Mu 1741 Kadinala Fleury, nduna yaikulu ya mfumu Louis XV, anamuika kukhala woyang'anira ntchito zowomba nsalu za silika. Zidole zake anazigulitsa. Likulu la silika linali Lyon, kumene mabanja zikwizikwi ankadya za ntchito imeneyi. Amisiri ankawombera m'nyumba zawo, amalonda olemera ndiwo ankabweretsa ulusi ndi kugula nsalu, ndipo magulu awiriwa ankakokanakokana pa mitengo ndi pa ufulu wa mmisiri wogulitsa yekha nsalu yake. Vaucanson anathandiza kukonza malamulo atsopano okomera amalonda. Mu Ogasiti 1744 owomba nsalu ananyanyala ntchito, anadzaza m'misewu, ndipo munthu amene Paris inkamuombera m'manja anathawa mu Lyon mozemba. Chaka chotsatira boma linabwezera mwankhanza, kunyonga ndi kutumiza anthu kukapalasa zombo za mfumu.

Nthawi zambiri nkhaniyi imafotokozedwa ngati kuti anthuwo anaukira makina. Sizinali choncho. Anaukira malamulo onena za amene alamule ntchito ndi amene atenge phindu. Makina anabwera pambuyo, ndipo anabwera ndi mwano. Mu 1745 kunalengezedwa kuti Vaucanson wapanga makina amene kavalo, ng'ombe kapena bulu akhoza kuwombera nsalu yokongola kuposa ya mmisiri waluso kwambiri. Munthu amene wangothamangitsidwa kumene ndi owomba nsalu akasankha kutchula bulu, sindikhulupirira kuti wangolitchula mwangozi.

Kuti mumvetse chimene makinawo ankachita, ganizirani mmene nsalu ya maluwa inkawombedwera. Ulusi woimirira umakhala mazanamazana. Pa mzere uliwonse wopingasa, ulusi wina uyenera kukwera, wina kutsala pansi, ndipo kusankha kumeneko ndi kumene kumatulutsa duwa. Ntchito yokweza inali ya wothandizira, kawirikawiri mwana kapena mtsikana, amene ankaima pambali tsiku lonse akukoka mitolo ya zingwe zolemera motsatira dongosolo. Akalakwitsa kamodzi, duwa lapindika. Anthu a ku Lyon komweko anali atayamba kale kufunafuna njira: Basile Bouchon mu 1725 anayesa pepala lobowola, Jean-Baptiste Falcon mu 1728 anayesa makhadi olumikiza. Vaucanson anatenga maganizo amenewa n'kuwakwatitsa ndi mgolo wake uja. Anauika pamwamba pa makina, wokutidwa ndi mabowo m'malo mwa zikhomo. Pamene pali bowo, singano ilowa. Pamene palibe, ikankhidwa. Mgolo womwe unkasankha chala choti chikwere pachitoliro tsopano unkasankha ulusi woti ukwere pansalu, ndipo wokoka zingwe sankafunikanso.

Makina akewo sanafale iye ali moyo. Anali okwera mtengo, mgolo sunkakwana maluwa aatali, ndipo ku Lyon dzina lake linali lowawa. Atamwalira mu 1782, zipangizo zake zinatsalira boma, ndipo zinakhala chiyambi cha nyumba yosungira luso la zamakina imene inakhazikitsidwa ku Paris mu 1794. Kumeneko ndi kumene munthu wina wa ku Lyon, Joseph-Marie Jacquard, anakawapeza. Anachotsa mgolo, n'kubwezeretsa makhadi obowola a Falcon olumikizidwa ngati unyolo wautali mmene mungafunire, ndipo pofika 1804 makina odziwika ndi dzina lake anali atabadwa. Napoleon anawaona ku Lyon mu 1805, ndipo Jacquard anapatsidwa penshoni ndi kandalama pa makina alionse ogwiritsidwa ntchito. Ntchito ya okoka zingwe inayamba kutha.

Nanga zidole zija? Zinayendayenda m'manja mwa anthu oonetsa zodabwitsa mpaka zinakafika ku Helmstedt, ku Germany, m'nyumba ya pulofesa wina wokonda kusonkhanitsa zinthu. Mlembi wotchuka wa ku Germany, Goethe, anaziona kumeneko mu 1805, chaka chomwe Napoleon ankayamikira makina a Jacquard. Anapeza woimba chitoliro atasiya kuimba, bakha atathothoka, akudyabe koma osatulutsanso kanthu.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi yodabwitsa kuposa, chifukwa ikuchokera ku bodza lenileni. Mu 1769 mfumukazi Maria Theresa ya ku Austria inaitana wantchito wake Wolfgang von Kempelen kuti adzaonerere mlendo wa ku France wochita zodabwitsa ndi maginito. Kempelen sanagome nazo, ndipo analonjeza kubwera ndi chinthu choposa pamenepo. Mu 1770 anabweretsa chidole chachikulu ngati munthu, chovala mkanjo ndi nduwira ya Chituruki, chitakhala kuseri kwa kabati imene pamwamba pake panali bolodi la chess. Asanayambe masewera ankatsegula zitseko za kabatiyo chimodzichimodzi, kuunika ndi kandulo, anthu n'kuona magiya okhaokha. Akatseka n'kupinda sipuling'i, chidole chinkatambasula dzanja lamanzere, kunyamula kachidutswa n'kusewera. Ndipo chinkapambana pafupifupi nthawi zonse.

Munali munthu. Anakhala pampando wotsetsereka, ndipo zitseko zikamatsegulidwa motsatana iye ankasuntha kuchoka mbali ina kupita ina, magiya onamizira akutseka pamene wachoka. Tizidutswa ta chess tinali ndi maginito kunsi, ndipo kudenga la kabatiyo kunkalendewera tizitsulo, kamodzi pansi pa bwalo lililonse, timene tinkagwedezeka kachidutswa kakaikidwa kapena kuchotsedwa. Wobisalayo ankaona zimenezi ndi kandulo yake, n'kutsanzira masewerawo pa kabolodi kake, ndipo ndodo yolumikizana ndi dzanja la chidole inkachita pamwamba zimene iye wachita pansi. Makandulo ena ankayaka panja kuti fungo la utsi lisaulule. Ndimayesa kuganizira munthu ameneyo, atapindika mumdima wotentha kwa ola lathunthu, wosaloledwa kutsokomola, akugonjetsa nduna ndi akalonga, kuombera m'manja konse kukupita kwa chidole chamtengo.

Chinyengochi chinakhala zaka zoposa 80. Mu 1783 ku Paris chidolechi chinasewera ndi kazembe wa America, Benjamin Franklin, ndipo chinagonja kwa Philidor, katswiri wamkulu wa nthawiyo. Kempelen atamwalira mu 1804, chinagulidwa ndi Johann Nepomuk Mälzel, amene mu 1809 anachiseweretsa ndi Napoleon kunyumba yachifumu ya Schönbrunn ku Vienna, ndipo mu 1826 anawoloka nacho kupita ku America. Mayina a amene ankabisala m'nthawi ya Mälzel ena akudziwika: Johann Allgaier, William Lewis, Jacques Mouret, William Schlumberger. Schlumberger anali munthu wamtali, zimene zimandimvetsa chisoni kwambiri ndikaganiza za kabati ija. Mu 1827 ku Baltimore anyamata awiri amene anakwera padenga anamuona akutuluka m'kabatimo, nyuzipepala inalemba, koma anthu ambiri sanafune kukhulupirira. Mlembi wa ku America, Edgar Allan Poe, mu 1836 analemba kuti muli munthu, ngakhale chimodzi mwa zifukwa zake chinali cholakwika: ankati makina enieni sakanagonja ngakhale kamodzi. Schlumberger anafa ndi matenda a yellow fever ku Havana mu 1838, Mälzel anafera panyanja chaka chomwecho akubwerera, ndipo chidolecho chinapsa ndi moto ku Philadelphia mu 1854. Makina oyamba osewera chess popanda munthu anadzapangidwa mu 1912 ndi Leonardo Torres Quevedo wa ku Spain, ndipo ankangotha kumaliza masewera a tizidutswa titatu.

Tsono imvani chimene bodzali linabala. Mu 1784 m'busa wina wa ku England, Edmund Cartwright, anali ku Matlock akucheza ndi amalonda a ku Manchester. Nkhani inali yakuti makina opota ulusi a Richard Arkwright achulukitsa ulusi kuposa manja owomba. Cartwright anati ndiye pafunika makina owomba. Amalondawo, odziwa ntchitoyo, anati n'zosatheka. Iye mwini anafotokoza pambuyo pake kuti anawayankha ndi chitsanzo cha chidole chosewera chess chimene chinali chitaonetsedwa ku London: ngati makina angasewere masewera ovuta chotero, kuwomba kungawakanike bwanji? Munthuyu anali asanaonepo n'komwe mmisiri akuwomba. Anapita kwawo, analemba ntchito kalipentala ndi wosula, ndipo mu 1785 analembetsa makina ake owomba oyendera mphamvu yosakhala ya munthu.

Oyambawo anali ovuta kugwiritsa ntchito, ndipo Cartwright analowa nawo m'ngongole. Fakitale ya ku Manchester imene inayesa kuwagwiritsa ntchito inapsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1790, eni ake atalandira makalata owaopseza. Koma ena anawakonza. Mu 1813 ku Britain kunali makina otere pafupifupi 2,400. Pofika 1833 anali pafupifupi 100,000. Owomba pamanja, amene analipo oposa 200,000, anaona malipiro awo akutsika chaka ndi chaka mpaka njala inalowa m'nyumba. Mu 1812 nyumba ya malamulo inakhazikitsa chilango cha imfa kwa ophwanya makina ena a nsalu, ndipo mu 1826 anthu a ku Lancashire anaphwanya makina owomba oposa 1,000 m'masiku ochepa. Palibe amene anakaphwanya mnyamata wolemba wa ku Switzerland kapena chidole cha chess. Izo zinali ndi nkhope, maso ndi zovala, ndipo anthu ankakangana ngati zili ndi nzeru, koma sizinalande munthu chakudya. Chimene chinalanda chinali chimango chachitsulo chopanda mutu, chosafanana ndi munthu pena paliponse. Ndikamamva anthu lero akuopa maloboti oyenda ndi miyendo iwiri amene amaonetsedwa m'mavidiyo a pa intaneti, ndimaona kuti maso athu akadali pomwe anali a anthu a ku Paris ndi ku Vienna.

Mafunde a makina amenewa anafika mpaka kwathu. Mafakitale a ku Lancashire ankameza thonje lochuluka, lambiri lolimidwa ndi akapolo ku America, ndipo chimodzi mwa zimene David Livingstone ankafufuza pokwera mtsinje wa Shire mu 1859 chinali dziko lina lolima thonje. Anapeza Amang'anja akulima kale, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawo m'midzi. Chimene chinatsatira m'zaka za m'tsogolo n'chakuti thonje linayamba kutuluka lili losapota, nsalu n'kumabwera yowombedwa kale ndi makina akutali, yotsika mtengo, ndipo luso la kuwomba m'midzi ya m'chigwa cha Shire linazilala. Mmisiri wa kumeneko sanamvepo za Cartwright, koma zinamuchitikira zofanana ndi mnzake wa ku Lancashire.

Njira zonse ziwirizi, ya zidole ndi ya nsalu, zinakumana m'nyumba ya munthu mmodzi ku London. Charles Babbage, amene anadzakhala katswiri wa masamu, ali mwana, amayi ake anapita naye kunyumba yoonetsera makina ya John Joseph Merlin, mmisiri yemwe anathandiza kupanga tsekwe wasiliva wa 1773 amene ali ku Bowes Museum kumpoto kwa England. Merlin anakwera naye m'chipinda chapamwamba n'kumuonetsa kachidole kasiliva ka mkazi wovina, kambalame katatera padzanja lake kakugwedeza mchira ndi kutsegula mlomo. Mwanayo sanakaiwale. Patapita zaka zoposa 30 anakapeza pamalonda a katundu wa munthu womwalira, anakagula, anakakonza yekha, anakaveka zovala n'kukaika m'chipinda chochezera. Nthawi imeneyo n'kuti akulimbana ndi makina owerengera masamu, ndipo pa makina ake aakulu, amene sanamalizidwe, anasankha makhadi obowola a Jacquard kuti ndiwo azipereka malangizo. M'nyumba mwake anapachikanso chithunzi cha Jacquard chowombedwa ndi silika, chimene chinafuna makhadi pafupifupi 24,000, ndipo alendo ankachiyesa chosindikizidwa.

Babbage ankaitana anthu otchuka a mu London kumacheza a Loweruka madzulo. M'chipinda chimodzi munali mkazi wasiliva uja, m'chipinda china chidutswa chomalizidwa cha makina ake owerengera, chimene chinamangidwa mu 1832. Iye anasimba za tsiku lina pamene anaima ndi mnzake n'kuyang'ana zipinda ziwirizo. Alendo onse anali ataunjikana pa chidole chovina. Pa makina owerengera panali anthu awiri okha, wina wochokera ku Holland, wina ku America, akufunsana mmene mawilo ake amapatsirana manambala.